Udzu Mpaka Pachitseko

Vaileti atamaliza mayeso a Fomu 4 anapeza kuti tsiku ndi chinthu chachitali. Zotsatira zinali kutali, ndipo iye sanali mtsikana woti n'kuima pageti kumacheza ndi aliyense wodutsa. Kusukulu kunali aphunzitsi amene anamuphunzitsa zaka zinayi osadziwa kuti mawu ake amamveka bwanji. Ndiye ankangokhala kuseri kwa nyumba yawo ya zipinda ziwiri ku Sakubva, dera la anthu wamba mumzinda wa Mutare, foni yong'aluka galasi ili m'manja, akumanga.

Ankamanga m'dziko la pa intaneti, momwe chilichonse ndi mabuloko: dothi, miyala, mitengo, ngakhale madzi. Umakhala ndi kamunthu kako koyenda m'menemo, umakumba buloko apa n'kukaliika apo. Ana ena a kusukulu kwawo, motsogoleredwa ndi mnyamata wina dzina lake Tafara, anali atamangamo Mutare. Anayambira ku Christmas Pass, kutsika ndi msewu waukulu, masitolo, matchalitchi, njanji, mpaka matanki a mafuta a ku Feruka kumene bambo ake a Vaileti, a Filimoni, ankalondera. Ku Sakubva anangomangako bwalo la mpira basi. Kuseri kwa bwalolo anasiya nkhalango, ngati anthu onse okhala kumeneko amagona m'mitengo. Vaileti anaziona zimenezo tsiku loyamba lomwe, koma sananene kanthu. Iye ankangofuna poloti yake mumsewu waukuluwo, dzina lake lilembedwe pa kachikwangwani ngati a anzake khumi ndi atatu amene anali kale m'gululo.

Lamulo la Tafara linali loti watsopano aliyense ayambe wamanga nyumba imodzi yoyeserera kunja kwa tauni. Ikakoma, poloti. Ikanyansa, amakuchotsa m'dzikomo, ndipo sabwereza kukuitana. Vaileti anapatsidwa sabata imodzi. Oweruza adzabwera Loweruka, 3 koloko masana.

Womuphunzitsa anali Primrose, mtsikana wa ku Murambi, dera la olemera, amene anakhala naye kalasi imodzi zaka zonsezo osamupatsako moni. Ankalankhulana pafoni pomwepo uku tianthu tawo tikuyendayenda. Ankalankhula Chishona, popeza m'gulu lonselo munalibe amene ankadziwa kuti kwawo kwa Vaileti amalankhula chinenero china.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa Primrose Lolemba, kamunthu kake ka chipewa cha pinki kataima patsogolo pa chomwe Vaileti anamanga.

"Nyumba."

"Ya mbuzi? Shamwari, ili ndi bokosi la dothi lobowola pakati. Aliyense wobwera kumene amamanga bokosi, koma lakoli lanyanya. Gwetsa."

Vaileti anagwetsa.

"Tsopano tamvera, sindibwereza. Usanaimike khoma, jambula nyumbayo pansi ndi mzere umodzi wa miyala. M'lifupi mukhale mabuloko asanu ndi awiri, kapena asanu ndi anayi. Osati asanu ndi atatu, chifukwa chitseko chimafuna pakati penipeni. Ukatero imika nsanamira za mitengo m'makona onse anayi. Khoma ulilowetse m'kati ndi buloko limodzi kuti nsanamira zitulukire, pagwe kamthunzi. Ukumva, kapena wagona?"

"Ndikumva."

"Mitundu itatu basi. Mwala, thabwa, galasi. Ukawonjezera wachinayi nyumba imaoneka ngati chitenje cha pa Musika."

Lachiwiri linali la denga. Lizipitirira khoma ndi buloko limodzi mbali zonse, ndipo limangidwe ndi masitepe kuti lipendekeke, osati lathyathyathya ngati la malo omwera mowa. Lachitatu mawindo ndi nyale. Nyale uzibise pansi pa denga, anatero Primrose, osazipachika pakhoma ngati pamaliro. Lachinayi anafika panja.

"Udzu ufike mpaka pachitseko. Wobiriwira, wosaduka. Maluwa apa ndi apo, osati pamzere ngati ana pa asembule. Anthu amayamba kuona kunja. Kunja kukanyansa, m'kati salowa."

Vaileti ankalemba zonsezi kumasamba otsala a kope la Jogalafe. Kunena zoona, iye ankamuda Primrose. Ankadana ndi kaseko kake kotulukira m'mphuno, ankadana ndi mmene ankanenera kuti shamwari, mawu a Chishona otanthauza bwenzi, ngati akuitana galu wa eni. Koma pofika Lachitatu anadzipeza akuseka kaseko komweko, ndipo munthu woti amusekere anali naye pafupi.

Mailesi anali mwana wa amayi ake aakulu, amene anabwerera ku Dedza chaka chomwe mafamu analandidwa, pamene makolo a Vaileti anasankha kulowa m'tauni. Ndiye pachibale anali mkulu wake weniweni, woti azimutchula kuti sisi, ndipo ankamutchuladi choncho. Anali atakhala nawo miyezi itatu, akuthandiza amayi kugulitsa tomato pa Musika. Vaileti ankamunyoza, kunyoza kwa anthu amanyazi kuja kosatuluka pakamwa, kongofufuma m'mimba. Chichewa chake chinali cholemera ngati cha m'Baibulo. Akakwera kombi ankapereka moni kwa aliyense, ndipo kombiyo ankaitcha minibasi, mokweza. Kusanache ankakhala atadzuka, akusesa kabwalo kawo kosakwana mphasa zitatu mpaka kusiya mizere ya tsache ngati wapesa mutu wa mwana. Kaudzu kakamera m'mbali mwa khoma ankakazula ngati kamutukwana.

Lachinayi lomwelo masana Mailesi anabwera kudzasuzumira paphewa pake.

"Nyumba yake ija ndi imeneyi? Eee, koma ndiye yokongola. Agonamo ndani?"

"Palibe, sisi. Ndi gemu."

"Nanga chimbudzi chili kuti?"

"Tianthu ta umu sitipita kuchimbudzi."

"Timadya?"

"Timadya."

"Ndiye zimathera kuti?"

Vaileti anayang'ana kumwamba. "Sisi, izi si zanu."

"Tandionetsa ndiyeseko, iwe Vai."

Anamupatsa foni, osati chifukwa cha chifundo ayi, koma kuti apeze choseka. Apa mukumba, apa muika, apa muyenda. Zala za Mailesi zinali zouma ndi khasu, galasi silinkazimva bwino. Anaswa windo. Anakumba pomwe waima, kamunthu n'kugwera m'dzenje lake lomwe. Vaileti anaseka kudzera m'mphuno. "Shamwari, mwanyanya." Koma Mailesi sanabweze foni. Analuma mlomo, kulimbana nayo, mpaka anaika mabuloko atatu pamzere wowongoka, n'kudziombera m'manja yekha.

"Ndiye akuti Loweruka kukubwera alendo kudzaiona?"

"Oweruza."

"Alendo omwewo. Ndi tchire lonseli pakhomo?"

"Ndi udzu wokongoletsa umenewo. Bweretsani foni. Ndipo musamaigwire ine ndikachoka."

Nyumbayo inatha Lachisanu. Vaileti anaizungulira kanayi ndi kope m'manja. Nsanamira zinatulukira, denga linapitirira, chitseko chinali pakati. Udzu unafika mpaka pamsitepe. Ngakhale Primrose anangoti, "Hm," ndipo kwa Primrose kumeneko kunali kuyamika. Foni inathima madzulo, chifukwa magetsi anali atazima kuyambira m'mawa.

Magetsi anayaka Loweruka m'mamawa. Linali tsiku la Vaileti lopita ndi amayi pa Musika, Mailesi n'kutsala kuti achape. Foni anaisiya pachaji, pansi pa pilo. Pamsika anthu anachuluka, kenako amayi anakumana ndi mnzawo wa kumvano wokhala ndi nkhani ya ukwati wa mwana wake, yoyambira pa chinkhoswe. Vaileti anamasulidwa 2 koloko itapitirira kalekale. Anathamanga, kudumpha ngalande, kudutsa kuseri kwa bwalo la mpira, thukuta lili kamukamu.

Anapeza zovala zikadali m'beseni, madzi atazizira, thovu litatha. Mailesi anali pamsitepe, foni ili m'manja, nkhope ikuwala.

"Ndakukonzerako pang'ono, Vai. Usandithokoze."

Vaileti anatsomphola foniyo. Inali yotentha ngati mbatata yootcha. Asanafunse kanthu inalira: Tafara, Primrose ndi mnyamata wina wa m'gululo, Taku. Zomvera za m'makutu zinali zitaduka kalekale, ndiye mawu awo anamveka pabwalo ponse. Tianthu tawo titatu tinali titafika kale, titangoima.

Nyumba inalipo, palibe buloko lomwe linasunthidwa. Koma udzu panalibe. Wonse, mabuloko khumi mbali iliyonse, unali utakumbidwa limodzilimodzi, n'kutsala dothi lofiira, losalala, loyera bwino. Maluwa anali atazulidwa n'kubzalidwa pamzere m'malire. M'munsi mwa khoma munadutsa mzere wakuda, momwe amayi amazirira nyumba kumudzi. Pambali panaima thandala loyanikapo mbale. Kuseri kunali bafa lopanda denga, ndipo chapatali ndithu, komwe mphepo singabweretse fungo, kunali kanyumba kakang'ono, chitseko chake chitapenya kutchire.

"Kwagwa chilala kuno?" anatero Taku.

Kamunthu ka Tafara kanazungulira nyumba pang'onopang'ono. "Denga lili bwino. Makona ali bwino. Koma udzu wadyedwa ndi chiyani?"

"Ine sindinamuphunzitse izi," anatero Primrose. "Tafara, umve bwino, ine sindinamuphunzitse izi. Ndipo ako n'kachiyani ako? Kosungiramo katundu?"

Chipewa cha pinki chinadutsa pabwalo lofiira lija, chinakatsegula kachitseko, chinalowa, n'kusowa.

Mailesi sanali munthu wochita zinthu mwachiphamaso. Chimbudzi chimakhala ndi dzenje, ndipo dzenje losaya limadzaza msanga, ndiye anakumba mabuloko makumi awiri kupita pansi. Pamwamba anayala matabwa n'kusiya kabowo. Koma m'dziko limenelo bowo laling'ono kwambiri ndi buloko limodzi, ndipo m'buloko limodzi munthu amakwanamo bwinobwino. Kamunthu ka Primrose kanafera pansi pa dzenje. Nkhwangwa yake, piki yake yonyezimira yomwe anaivutikira miyezi, chipewa, zonse zinamwazika m'menemo.

Taku anayamba ndi kutsokomola, kenako analira ndi kuseka. "Primrose wagwera m'chimbudzi! Maiwe! Ndajambula, anthu inu, ndajambula!" Tafara nayenso analephera kudzigwira. Kumbuyo kwa Vaileti, Mailesi anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. "Aaa, pepani mayi," ananong'ona. "Nanga amalowa osayang'ana pansi?"

Primrose sanaseke. Pamene analankhula, mawu ake anali ozizira, osathamanga.

"Ndinadziwa. Dzina lomwelo, Vaileti. Ndani amatcha mwana Vaileti masiku ano? Awa ndi mabwidi, Tafara. Anthu a m'makomboni a kumafamu. Uwapatse poloti mumsewu waukulu, mawa ukapeza nkhuku ndi zigubu pakhomo pa banki."

Mawu amenewo Vaileti anawamva koyamba ali Giredi 2. Ndi omwe anthu amatchulira ana a anthu ochokera ku Malawi akafuna kuwakumbutsa kuti alibe mudzi kuno. Kuyambira tsiku limenelo sanalankhulenso Chichewa kunja kwa geti.

Kuseka kunatha. "Vaileti," anatero Tafara, "wamanga izi ndiwe?"

Mpweya wa Mailesi unali pakhosi pake, wonunkhira sopo wochapira. Panali zambiri zomwe akanatha kunena. Akanatha kunena kuti ndi sisi anga, sanadziwe. Akanatha kungokhala chete, ntchito yomwe ankaidziwa kuposa aliyense m'kalasi mwawo. Koma sanachite kuganiza nthawi yaitali, ndipo ichi ndi chimene sanauzepo munthu: mawu anabwera okha, osalala, ngati anali atawakonza kalekale n'kuwasunga.

"Si ine. Ndi musikana webasa wathu," anatero, m'Chishona chosalakwika pena paliponse, kutanthauza wantchito wa m'nyumba. "Wangobwera kumene kuchokera kumudzi kwawo. Ndinasiya foni pachaji. Mukuwadziwa anthu amenewa, chilichonse amagwira."

Ndipo anaseka, kudzera m'mphuno.

"Iwe uli ndi wantchito?" anafunsa Taku.

"Ndani alibe?"

"Mumuchotse," anatero Primrose. "Lero wagwira foni, mawa agwira chikwama."

Tafara analankhula pang'onopang'ono, monga ankachitira akafuna kuti anthu akumbuke kuti dzikoli mwini wake ndi iye. "Chabwino. Nyumba yapambana. Koma zonyansazi uzichotse pompano, tikuona. Utenge katundu wa Primrose, ukwirire dzenje, ubwezere udzu. Ukamaliza ndikupatsa poloti."

Vaileti anayamba ndi thandala. Linagwa ndi kukhudza kuwiri. Kenako bafa. Kenako mzere wakuda uja, buloko ndi buloko, kuzungulira nyumba. Kumbuyo kwake mpweya uja unali utachoka pakhosi, koma Mailesi sanapite. Vaileti ankaona mthunzi wake pagalasi. Anadziuza kuti munthu wotcha kombi minibasi sangamve Chishona chothamanga chotere. Anadziuza kawiri. Koma munthu wokhala pa Musika miyezi itatu, mawu oti basa, ntchito, amawadziwa.

Atafika pa kanyumba kaja anaima pang'ono. M'lifupi munali mabuloko atatu, chitseko chili pakati penipeni. M'makona munali nsanamira zinayi, khoma litalowa m'kati. Denga linali la masitepe, lopitirira ndi buloko limodzi mbali zonse. Mitundu inali iwiri yokha. Sabata yonse, uku akusankha nyemba kapena akusita, Mailesi ankamvetsera maphunziro a Primrose m'chinenero cha eni, ndipo chimbudzi chake choyamba chinaposa kutali bokosi loyamba la Vaileti.

"Ukudikira chiyani?" anatero Primrose. "Ukufuna kulowamo kaye?"

Vaileti anagwetsa denga, makoma, nsanamira. Anaika makwerero n'kutsika m'dzenje, mumdima, kukatola piki, nkhwangwa ndi chipewa.

"Chipewacho uchitsuke," anatero Taku, n'kuyambiranso kuseka.

Kukwirira kunatenga nthawi. Kubwezera udzu kunatenga nthawi yoposa, chifukwa bwalolo linali lalikulu, ndipo pa buloko lililonse lomwe ankaika ankadziwa kuti chala chouma chija chinapakanda kawiri kapena katatu galasi lisanamve. Pamene kubiriwira kunafika pachitseko, mthunzi uja pagalasi panalibe. Kunkangomveka zovala zikumenyedwa pamwala, mwamphamvu, mosalekeza.

Poloti yake inali nambala 14, pafupi ndi hotela ya Primrose. Tafara anakhoma kachikwangwani. Vaileti analiwerenga dzina lake kangapo, akudikira kuti mumtima muchitike kanthu.

"Watsopano amayamba ndi kukumba miyala mwezi wathunthu," anatero Primrose. "Hotela yanga ikufuna miyala yambiri. Lolemba, 8 koloko. Usachedwe, shamwari."

"Sindichedwa."

Amayi anafika cha m'ma 5 koloko ndi madengu. A Filimoni anali atavala kale yunifolomu yawo ya ulonda, atakhala pampando panja, akudikira tiyi asananyamuke. Zovala zinali pachingwe, zikudontha. Vaileti anali pamsitepe, foni ataitembenuza pansi.

Mailesi anatuluka ndi thireyi. Anadutsa bambo, anadutsa amayi, anafika pomwe panali Vaileti, n'kugwada mawondo onse awiri pafumbi.

"Madamu, tiyi uja."

A Filimoni anaseka mpaka kugwira chipewa. "Madamu ndani pano? Tili ndi madamu ife?"

Amayi sanaseke. "Iwe Mailesi, ukugwadira mng'ono wako? Wayamba liti misala imeneyi? Bambo ako akuchedwa kuntchito, ukuyamba ndi mwana?"

"Ndikuphunzira ntchito, amayi. Ndamva kuti m'tauni muno ndi momwe amachitira."

"Wamva kwa ndani?"

Mailesi anaika thireyi pansi. Nkhope yake inalibe mkwiyo, inalibenso misozi. Anangothira tiyi m'kapu mosamala, osatayira ngakhale dontho, n'kutsegula kachitini ka shuga. Sanamuyang'ane Vaileti m'maso. Anamuyang'ana pachifuwa, momwe umayang'anira munthu amene sukumudziwa.

Amayi anatembenukira kwa mwana wawo. "Vaileti, mwachitana chiyani?"

Chichewa cha Vaileti chinali choperewera, koma mawu opepesera anali nawo. Ndi afupi, mwana wa zaka zitatu amawadziwa. Koma kuwanena kukanafuna kuti anenenso ena aja amene ananena pafoni, pamaso pa bambo ake ovala yunifolomu, amene anabadwira m'komboni ya famu ku Odzi.

"Palibe, amayi. Sisi akungoseka."

"Shuga masupuni angati, madamu?" anafunsa Mailesi.

Vaileti anayang'ana supuni ili m'mwamba, ikudikira.

"Awiri," anatero.